Jekete ya Kamphindi

3 Malichi

Wokondedwa mng'ono wanga Kamphindi,

Moni kumeneko. Kaya uli bwanji ndi makompyuta akowo? Kuno tilipo. Alamu ako ali bwino, ine ndikungokankha ku bekale kuja, miyendo ikutupa ngati mtanda wa buledi.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati tili m'masiku akale. Pafoni sindimasuka. Ukayimba, Ababa amakhala pompo khutu lili tcheru, ndipo ukafunsa kuti ali bwanji ine ndimangoti ali bwino. Munthu sungamunene matenda ake iye akumva. Ndiye ndati zoona zake zibwere papepala.

Maso a Ababa akutha. Tinapita nawo kwa dokotala wa maso, akuti mitsempha ya kuseri kwa diso ikufa pang'onopang'ono. Yomwe yafa sidzukanso, mankhwala odontheza aja amangochedwetsa. Panopa akuona ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi, zapakati zokha, zam'mbali ayi. Sabata yatha anawombana ndi chitseko cha shopu yawo yomwe, chitseko chimene akhala akutsegula kuyambira ife tisanabadwe. Anachikalipira chitsekocho kuti wachisuntha ndani.

Makasitomala onse awabweza. Koma pochokera kwa dokotala anandiimitsa pa sitolo ya nsalu, nagula nsalu yabuluu wodera, yolemera bwino. Anaisankha ndi zala. Akuti chovala chawo chomaliza chikhala jekete yako. Ine anandisokera diresi la ukwati, koma iwe chikusokere yunifolomu ya kusekondale sanakusokerenso kanthu, ndipo zikuwadya mumtima kuti mwana wa telala amalowa mu ofesi ndi zogula m'sitolo.

Lamulo lawo ukulidziwa. Sadula nsalu ndi miyezo ya dzulo. Amamuyeza munthu m'mawa, masana sizasi yalowa. Ukukumbuka bambo uja anatuma mkazi wake ndi kapepala ka miyezo, Ababa n'kumufunsa mayiyo ngati wodzavala sutiyo ndi kapepalako?

Ndiye bwera, akuyeze adakali kuona manambala a pa tepi. Dzina lakoli unalipeza chifukwa cha "kamphindi, ndikubwera" uli mwana, mbale zikudikira. Ulendo uno usalitsatire. Undiyankhe tsiku.

Ndine mkulu wako.

14 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndalandira kalata yanu. Ndinaiwerenga pa desiki, ndinatuluka kukakhala pa masitepe mpaka misozi itauma. Zikomo pondiuza zoona. Muli bwanji inuyo? Miyendoyo muziikweza pampando mukaweruka. Alamu muwapatse moni.

Ndikufuna kubwera, koma ndiloleni ndifotokoze chimene chandimanga, mwina Ababa angamve.

Kampani yathu imasunga makompyuta a anthu ena, koma si makompyuta oti mungawagwire ndi manja. Tili ndi chipinda chozizira kwambiri momwe muli makina akuluakulu, timati maseva. M'kati mwa seva imodzi mumakhala makompyuta ambirimbiri ongoyerekezera, iliyonse ikudziona ngati ili ndi thupi lakelake. Ina ndi ya sitolo, ina ya famase, ina ya kampani ya mabasi. Tsopano tikusamukira ku nyumba ina, ndipo eni ake akuti tiwasamutse osawazimitsa. Wogulitsa mankhwala azigulitsabe, ife tikumunyamula, iye osadziwa kanthu.

Timachita chonchi. Zonse zimene kompyuta yasunga m'mutu mwake tazigawa m'masamba ang'onoang'ono. Tsamba lililonse lili ndi kachizindikiro kake, timati biti, ndipo mabiti onse andandalikana mumzere wautali. Biti ikayaka ndiye kuti tsamba lake lasintha, liyenera kukoperedwa ku nyumba yatsopano. Pulogalamu imene ndikulemba ineyo imayenda mumzerewo, ikapeza yoyaka imakopera tsambalo n'kuizimitsa. Vuto ndi loti kompyutayo siima. Ine ndikuzimitsa kutsogolo, iyo ikuyatsa kumbuyo kwanga. Zili ngati kukolopa mu bekale mwanumo nthawi ya mvula makasitomala akulowabe. Ukafika pakhomo ubwerere ukayambenso, mpaka matope achepe.

Abwana akuti palibe wopita ku tchuthi mpaka tisamuke. Akuti zitha mwezi uno. Ndinawauza za Ababa, iwo anagwedeza mutu mwachisoni maso ali pa foni. Koma andilonjeza sabata yoyamba ya Epulo ikatha.

Pakadali pano ndatumiza miyezo, mwina Ababa angayambeko kulemba ndi choko. Tepi tinalibe. Anandiyeza ndi mayi wa desiki yoyandikana nane, timawatcha Amajuzi chifukwa amavala majuzi awiri m'chipinda chozizira chija. Anagwiritsa ntchito nthambo ya kompyuta, kenako n'kuiyeza pa lula. Ndikudziwa lamulo, koma muyesere.

Ndatopa, Achemwali. Phokoso la mafani a m'chipinda chija ndimalimvabe ngakhale ndili m'bafa. Mundiuze mmene maso akuyendera.

Mng'ono wanu,
Kamphindi

26 Malichi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Akulembayu ndi mkulu wako, ndiye ukaona mawu achipongwe udziwe kuti si anga.

Moni. Uli bwanji? Ukudya? Kalata yako andiwerengera, ngakhale ndikukayika kuti malo ena anadumpha. Za mabiti akowo ndamvapo pang'ono. Ndamva kuti ukukolopa, ndipo ndadabwa kuti sukulu yonse ija inali ya zimenezo.

Miyezo yako ndaseka nayo mpaka kutsokomola. Malinga ndi nthambo yanuyo, mkono wako wamanja ndi wautali kuposa wamanzere, ndipo chiuno chako chili m'khwapa. Uwathokoze Amajuziwo, koma uwauze asasiye ntchito ya makompyuta.

Tamvera. Tepi siyeza yokha. Ndikamayeza munthu ndimaona mmene waimira, phewa limene amanyamulira chikwama, ngati amapuma ndi chifuwa kapena ndi mimba. Zimenezo sizilowa mu envelopu. Komanso munthu wa mwezi watha si wa lero. Ndadikirapo anthu ambiri, ena mpaka anandipsera mtima, koma palibe amene anabweza chovala changa. Iwenso ndikudikira. Nsalu ili pa tebulo, ndaifunditsa pepala kuopa fumbi.

Za maso usadandaule. Mkulu wakoyu amakonda kukuza nkhani. (Ndalemba momwe anenera.) Adokotala asintha mankhwala, ndipo atsopanowa akugwira. Lero m'mawa ndalowetsa ulusi pa singano ndekha, popanda wondigwira dzanja. Gwira ntchito yako bwino, usachotsedwe chifukwa cha jekete.

Bambo ako.

Kamphindi, ndi ine tsopano, apita kukasamba. Za singano sakunama, ndinaona ndi maso angawa. Kuyambira Lolemba akuyenda osagwira khoma, dzulo anandiuza kuti bulauzi yanga yang'ambika m'khwapa, ndipo inalidi yong'ambika. Akuimba mluzu m'shopu. Mwina ndinakuopseza kwambiri m'kalata ija. Mtima wanga wakhalako pansi.

8 Epulo

Kamphindi,

Moni. Ndikukhulupirira uli bwino. Ndilemba mwachidule, ndili pa nthawi yopuma ndipo manja ali ndi ufa.

Zimene ndinalemba kumapeto kwa kalata ya Ababa uziiwale. Kunali kuwala kwa masiku ochepa chabe. Lachisanu lapitali ndinawapatsa ketulo, anathira tiyi pambali pa kapu, pa tebulo, mpaka anamva kutentha pa ntchafu. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta pamalo pouma.

Tabwerera kwa dokotala. Diso lamanzere latha, silionanso ngakhale tochi. Lamanja latsala kabowo kakang'ono, ndipo adokotala sakulonjeza kuti kafika mwezi wamawa. Anandiuza izi pakhonde, Ababa ali m'kati akuvala nsapato.

Iwo akudziwa, ngakhale sakunena. M'mawa uliwonse amavundukula nsalu ija, n'kutenga tepi, n'kuiyandikitsa pa diso mpaka kukhudza nsidze, kuti aone ngati manambala alipobe. Akawapeza amati, "Eya, alipo," n'kufunditsanso. Basi ikaima pa siteji amasiya kutafuna.

Unati sabata yoyamba ya Epulo ikatha. Yatha. Kwera basi, ngakhale ubwere Loweruka n'kubwerera Lamulungu. Kuyeza munthu sikutenga tsiku.

Mkulu wako.

10 Epulo

Okondedwa Achemwali,

Moni nonse. Kalata ya Ababa yandipatsa mphamvu kuposa mankhwala. Ndinawawerengera Amajuzi za chiuno cha m'khwapa, anaseka mpaka kuvula juzi imodzi. Za singano zija ndinawerenga mobwereza. Mulungu ndi wabwino. Kwa nthawi yoyamba chiyambire Malichi ndinagona osalota chipatala.

Kuno zinthu zavuta. Pulogalamu yanga ndinaimaliza, tinayamba kuyesera pa makompyuta oyeserera, ndipo ambiri anafika bwinobwino. Koma mwa apo ndi apo imodzi imafika ili ndi chilema. Tinasamutsa yofanana ndi ya famase ija, titafika uko inkaonetsa kuti mankhwala amene agulitsidwa kale adakali pa shelefu. Ina inangofa itafika. Ukayesanso yomweyo, imayenda bwino ngati sinalakwepo. Palibe chimene chimatopetsa ngati vuto lobwera pamene lafunira. Ndimakhala tsiku lonse m'chipinda chozizira, foni ili mu loka pakhomo chifukwa salola kulowa nayo, ndikuyang'ana mabiti mpaka maso kuyabwa. Abwana amadutsa n'kufunsa kuti "Tili pati?" ngati tili pa basi.

Tsopano musakwiye. Tchuthi changa chija chinayenera kuyamba Lolemba likubwerali. Koma amuna awo a Amajuzi akupita ku opaleshoni ya msana, ndipo abwana akuti awiri tonse sitingachoke. Mayi aja analira mu ofesi. Nditaganiza kuti Ababa akupeza bwino, mpaka kuona bulauzi yong'ambika, ndinati atenge iwo masiku angawo. Ine ndidzabwera iwo akabwerera, chapakati pa Meyi, vutoli litathanso, ndidzakhale nanu mtima uli m'malo. Ndikudziwa Ababa akanachita chimodzimodzi.

Uthenga wanu wa pafoni woti ndibwere msanga ndinauona. Ndikubwera, musatope nane.

Madesiki athu asamukira kale ku nyumba yatsopano, kwatsala maseva okha. Makalata muzitumiza ku adiresi ili kuseri kwa pepalali.

Muwauze Ababa asamale singano ija, ndikufuna kudzaona ndekha.

Mng'ono wanu,
Kamphindi

21 Epulo

Kamphindi,

Moni, popeza tinaleredwa kuti kalata imayamba ndi moni.

Ndawerenga kalata yako nditaimirira pa positi ofesi. Wapereka tchuthi chako. Wapereka chifukwa cha singano ya mwezi watha. Kodi kalata yanga ya pa 8 sunailandire? Ndaona tsopano kuti inapita ku adiresi yakale. Pita ukaifune, sindingathe kulembanso zomwe zija kawiri.

Ndinakutumizira uthenga kuti bwera msanga, iwe unayankha ndi kankhope komwetulira. Ndinatuluka panja pa bekale kukuyimbira, foni ili mu loka. Unayimba madzulo Ababa ali pambali panga akumwa phala, ndipo unafunsa kuti, "Akupezabe bwino eti?" Ukanakhala iwe ukanayankha chiyani? Unafunsa funso lobwera ndi yankho lake kale.

Sindikuti Amajuzi alibe mavuto. Koma iwe unawerenga kalata imodzi yabwino n'kutseka nkhani ya kunyumba ngati yatha. Munthu wodwala sakhala mmene unamusiyira. Ine ndimadzuka kusanache kukakanda buledi, ndibwere ndiwadonthezere mankhwala, ndiwasunthire mipando, ndiwanamize kuti ukubwera sabata yamawa. Ndatopa ndi kunama m'malo mwako.

Kalata yako sindinawawerengere yonse. Ndinawerenga za Amajuzi kuvula juzi, anaseka. Kenako anafunsa, "Tsiku watchula?" Ndinati chapakati pa Meyi. Anati, "Meyi ndi mwezi wabwino, sikutentha." Anapempha kuti ndiwapatse sizasi ainole.

Panopa manambala a pa tepi akuwapeza pokhapokha ataima pakhomo dzuwa lili pamutu.

Sindikupempha kanthu ulendo uno. Ndangokuuza.

Mkulu wako.

30 Epulo

Achemwali,

Moni. Sindikudziwa ngati mukufuna moni wanga.

Kalata yanu itafika ndinapita ku nyumba yakale. Alonda anali ndi kalata ya pa 8 ija m'kabati, pamodzi ndi makiyi osadziwika eni ake. Akuti ankadikira wina adzafunse. Ndinaiwerenga pompo pa geti. Za tiyi zija sizikundichoka.

Ndinapita kwa abwana tsiku lomwelo. Anati Amajuzi kulibe, wodziwa pulogalamuyi ndine ndekha, eni nyumba yakale akufuna makiyi awo, ndipo ndikachoka panopa ndisavutike kubwerera. Ndikanakhala wolimba mtima ndikanatenga chikwama. Ndinabwerera m'chipinda chozizira.

Vuto lija ndalipeza, ngakhale sindikumva kukoma kulikonse. Kuti ifulumire, pulogalamu yanga inkatenga mabiti kagulu kathunthu nthawi imodzi, ngati kujambula chithunzi. Ikayang'ana kamodzi inkakhulupirira chithunzicho. Inkakopera masamba amene yaona oyaka, kenako n'kubwerera kukazimitsa kagulu konse. Koma pakati pa kuyang'ana ndi kuzimitsa, kompyuta ija inkalembanso pa tsamba lina n'kuyatsa biti yake. Ine n'kudzaizimitsa osakopera. Tsambalo linkafika uko lili lakale, ndipo panalibenso chizindikiro chotsala chonena kuti ndi lakale. Kampata kake ndi kakang'ono kwambiri, n'chifukwa chake zinkachitika mwa apo ndi apo.

Kukonza kwake ndi mizere yochepa. Kutenga biti ndi kuizimitsa zichitike pamodzi, popanda mpata, ndipo zichitike usanakopere tsamba, osati pambuyo. Ikayakanso uli m'kati mokopera, isiye iyake, udzaipeza ulendo wotsatira. Ndipo usanaponde paliponse uyang'anenso mzere weniweniwo, osati chithunzi chili m'manja. Nditalemba zimenezi ndinakhala nthawi yaitali manja ali pa miyendo. Simukufunika kundiuza, Achemwali, ndaona ndekha.

Amajuzi abwerera pa 15. Tikiti ya Loweruka la pa 17 ndagula kale, ili m'chikwama. Ndikupempha chinthu chimodzi. Ndiziyimba masana aliwonse pa nthawi yanu yopuma, muli ku bekale, Ababa kulibe. Ndizingofunsa kuti lero zili bwanji, ndipo muzindiuza za tsiku limenelo.

Muwauze Ababa tsikulo. Muwauze kuti nambala yake ndi yeniyeni.

Kamphindi

11 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni. Mkwiyo uja watha, ndilibe mphamvu zousungira. Masiku atatu awa wakhala ukuyimba ine n'kumangoti "tidzakamba." Pafoni mawu amandikanika. Ndi izi.

Ababa adula nsalu.

Lachinayi m'mawa kunacha bwino, kopanda mtambo. Anandiuza kuti ndisapite ku ntchito. Ine ndi alamu ako tinakokera tebulo lodulira mpaka pakhomo pa shopu, theka lili panja, anthu odutsa akutizungulira. Anavundukula nsalu, naiyala, naisisita ndi chikhatho. Ndinati, "Ababa, Loweruka la pa 17 layandikira, tikiti wagula." Anati, "Ndikudziwa, ndipo ndikumukhulupirira. Koma dzulo choko ndimachiona, lero ndikuchiona pang'ono. Loweruka limenelo ndidzamuyeza ndi chiyani?"

Ndinawakumbutsa lamulo lawo. Anati, "Lamulo ndi langa, ndilithyola ndekha."

Miyezo anaitchula pamtima, ya tsiku lija anakuyeza yunifolomu yomaliza. Sanaiwale ngakhale umodzi. Kenako anawonjezera m'chiuno ndi m'mapewa, akuti anthu a mu ofesi amanenepa chifukwa chokhala pansi. Ine ndinkagwira tepi, iwo akulemba, ine n'kudutsanso ndi choko kuti mzere unenepe. Podula anaweramira mpaka mphuno kukhudza nsalu. Sizasi itamaliza anakhala pansi thukuta lili kamukamu, ngati anyamula matumba a simenti.

Asoka masiku awiri. Ulusi ndinkalowetsa ndine, zina zonse zala zawo. Makina aja amawadziwa ngati mkamwa mwawo. Kolala yatuluka bwino kwambiri, matumba ali ndendende. Koma msoko wakumbuyo, pansi pa mapewa, unawathawa. Wakhotera kumanzere kenako n'kubwerera. Anandifunsa kuti, "Wawongoka?" Ndinati wawongoka.

Mabatani anaika dzulo, ndipo pamenepo n'kuti akungopapasa. Lero m'mawa anandifunsa ngati ndatsegula makatani. Anali otsegula. Akuona kuti uku kukuwala, uku kuli mdima, basi.

Jekete ili pa hang'ala, yasitidwa. Makina awafunditsa okha. Bwerabe pa 17. Akufuna kukuveka ndi manja awo.

Mkulu wako.

9 Juni

Okondedwa Achemwali,

Moni. Ndinafika bwino, pepani kuti ndachedwa kulemba. Miyendo ili bwanji? Ababa akugona bwino? Chingwe chija tinamanga kuchokera kuchipinda mpaka kubafa akuchigwiritsa ntchito, kapena akuchitabe manyazi?

Za kuntchito ndi zochepa. Tasamuka. Makompyuta onse anafika amoyo kupatula ya kampani ya mabasi, imene inkalemba mofulumira kuposa mmene ife tinkakoperera. Tinazungulira mzere wake mpaka kutopa, mabiti osachepa. Mapeto ake abwana analola kuti tiiimitse pang'ono, nthawi yongophethira diso, tikopere zotsala. Miyezi yonseyi ankakana zimenezi. Palibe kasitomala ngakhale mmodzi amene anazindikira. Abwana anatigulira makeke, ine sindinadye.

Pali chimene sindinakuuzeni. Munafunsa pa siteji kuti zinayenda bwanji pondiveka, ine ndinati bwino. Munali ku bekale m'mawa umenewo, ndipo Ababa anasankha dala nthawi imeneyo.

Anandiimika pakati pa shopu. Anachotsa jekete pa hang'ala okha, nandiveka kuchokera kumbuyo monga amachitira ndi makasitomala, n'kumenya pang'ono m'mapewa kuti ikhale. Mapewa ake anagwera m'mikono mwanga. Manja ake anabisa zala zanga. Ndinati, "Yandikwana, Ababa, ndi yokongola."

Anati, "Khala chete, imirira bwino."

Anayamba kupapasa. Anagwira phewa la jekete, napeza kuti langa lili m'kati, patali. Anatsika m'mbali. Atafika m'chiuno anakoka nsalu kumbuyo, inadzaza dzanja lawo lonse. Anaima choncho atagwira.

"Nsalu yonseyi," anatero. "Mwana wanga, wathera kuti?"

Ndinati ndi ntchito, ndinenepanso. Anati, "Ndasokera mwana amene anachoka pano. Uyu wabwerayu sindinamuonepo." Sanalire. Ndinalira ndine, ndipo anandiuza kuti ndisagwedezeke, ndikusokoneza.

Kenako anayendetsa chala chachikulu pa msoko wakumbuyo kuchokera pa kolala. Chinafika pokhota paja, chinaima. Chinabwerera m'mwamba, n'kutsikanso. Anaseka pang'ono, nati, "Mkulu wako ndi wabodza." Musadandaule, ananena mokoma mtima.

Anapempha mapini. Anawaika pakamwa monga kale, nayamba kutsina nsalu m'mbali ndi m'mapewa, akulasa mopapasa. Anadzibaya kangapo. Atamaliza anandivula, naipinda bwinobwino mapini ali momwemo, nandipatsa m'manja. Anati, "Upite nayo kwa telala kwanuko. Usankhe wachikulire. Achepetse potsata mapiniwa, ndipo umuuze awongole kumbuyoku." Achemwali, inu mukudziwa kuti chibadwire chathu Ababa sanalolepo telala wina kukhudza ngakhale batani la chovala chawo. Anatembenukira kukhoma n'kuyamba kufunafuna chivundikiro cha kabotolo ka mapini, chili m'dzanja lawo.

Jekete yakhala pa chitseko cha chipinda changa masabata onsewa. Dzulo ndinalimba mtima. Pali telala wina kuseri kwa msika, bambo wa imvi, magalasi ali pamphuno. Anaitembenuza, nayang'ana kolala nthawi yaitali, nati, "Anasoka uyu ndi telala." Atafika kumbuyo anakweza nsidze. Anati, "Koma apa chinachitika n'chiyani? Ndimasula ndiwongole, simudzadziwanso kuti panali pokhota."

Lumo linali kale m'dzanja lake. Ndinamugwira mkono.

Ndinati, "Chepetsani m'mbali ndi m'mapewa, potsata mapini. Msoko umenewo musaukhudze."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nati, "Mayi, anthu aziona."

Ndinati azione.

Mng'ono wanu,
Kamphindi